Nkhope ya Mwana Wathu



Pa Lamulungu lachinayi la nyengo ya Lenti Eklezia watiyalira nkhani ziwiri, ndipo zonsezo n'zokhudza maso. Yoyamba ndi ya mneneri Samuele, amene adatumidwa ku Betelehemu, kunyumba kwa Yese, kuti akadzoze mfumu yatsopano ya Israele. Atangoona Eliabu, mwana wachisamba, mnyamata wamtali ndi wooneka bwino, mkuluyo adatsimikiza mumtima kuti ulendo wake wapindula, natsala pang'ono kutsanula mafuta. Koma Mulungu adamletsa, namkumbutsa kuti muyeso wa Mlengi sutsata msinkhu kapena nkhope monga umachitira wathu. Ana asanu ndi awiri adadutsa osasankhidwa, mpaka adachita kukaitana Davide, wamng'ono uja amene adaamsiya kubusa. Nkhani yachiwiri ndi ya munthu amene adabadwa wosapenya. Ophunzira a Yesu atamuona, sadafunse za m'mene angamthandizire. Chimene adafuna kudziwa n'chakuti wolakwa ndani, mwiniwakeyo kapena makolo ake. Ambuye adakana zonse ziwiri, nam'chiritsa.

Mwina ena mwa inu mudabwa kumva kuti pa mau aakulu ngati amenewa ife tasankha kulankhula za ziphuphu. Tifulumire kunena kuti sitikunena ziphuphu zam'maofesi ndi zapamsewu, zimene bungwe la Anti-Corruption Bureau limalimbana nazo. Zimenezo zili ndi tsiku lake, ndipo n'zoipa koposa. Tikunena ziphuphu zapankhope, zimene zimatuluka pa mphumi, m'masaya, pachibwano, nthawi zina pachifuwa ndi pamsana pa ana athu akamatha msinkhu. Akuluakulu amaziona ngati nkhani yoseketsa. Kwa mwana wa zaka 14 kapena 16 si nkhani yoseketsa ai. Ndipo chinenero chathu chidatichenjeza kale: liu lomwelo lakuti khungu limatchula chofunda cha thupi, limatchulanso kusapenya. Ambirife tikayang'ana khungu la mwana, timachita khungu pa mwanayo.

M'parishi ina ya mumzinda muno, imene sitiitchula dzina, mudali mtsikana wa zaka 15, woimba m'kwaya, amene ankakonzekera kulandira Sakramenti la Ulimbitso. Adali wachangu, wosajomba, wa liu lomveka mpaka kukhomo kwa tchalitchi. Mwadzidzidzi adaleka kubwera. Patapita masabata atatu, katekisiti wa kumeneko, mayi wachikulire wodziwa ntchito yake, adanyamuka kukamuona. Adampeza ali kuseri kwa nyumba, atadziphimba chitenje kumutu dzuwa lili phwee. Nkhani yake idali iyi: ziphuphu zitayamba, anzake kusukulu adampatsa dzina lakuti chinanazi. Kunyumba, azakhali ake atamuyang'ana adanena pamaso pa anthu kuti nkhope yotere ndi umboni wakuti mwanayo wayamba amuna. Mayi ake adakhulupirira, namkalipira usiku wonse. Tsono mtsikanayo adatenga ndalama zimene adampatsa zogulira makope, nakagula kamafuta ka m'chubu pa benchi ina mumsika, kamene wogulitsa adalonjeza kuti kamachotsa ziphuphu m'masiku asanu ndi kuwalitsa nkhope. Masabata oyamba zidaoneka ngati zoona: kufiira kudatha, nkhope idasalala, idayeranso. Kenaka ziphuphu zidabwerera zochuluka kuposa kale, zazing'onozing'ono, zothithikana ngati mapira, ndipo khungu lidayamba kuwawa pa dzuwa. Apo m'pamene adasiya kwaya, sukulu ndi Misa yomwe.

Taonani, abale, funso la ophunzira lija likadali pakamwa pathu: wachimwa ndani? Tiyeni tiliyankhe ndi nzeru zimene Mulungu adapatsa anthu a zachipatala, pakuti choonadi cha thupi nachonso n'chochokera kwa Iye.

M'khungu la munthu aliyense muli timabowo tosawerengeka momwe mumamera ubweya, ndipo m'mbali mwa kabowo kalikonse muli kachiwalo kopanga mafuta ofewetsa khungu. Mwana akamatha msinkhu, thupi lake limayamba kutulutsa mahomoni ochuluka, omwe aja amene amakulitsa liu la mnyamata ndi kumeretsa ndevu. Atsikana nawonso ali nao, ngakhale pang'ono. Mahomoni amenewa amalamula tiziwalo tija kupanga mafuta opitirira muyeso. Mafutawo akasakanikirana ndi tizidutswa ta khungu lakufa amatseka kabowo, ndipo m'katimo mumaswana tizilombo tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense, wansembe ndi bishopu yemwe. Thupi likayamba kulimbana nato, pamalopo pamatupa, pamafiira, pamachita mafinya. Nkhani yonse ndi imeneyi. Mwa achinyamata 10 alionse, pafupifupi 8 amadutsamo, ndipo nthawi zambiri zimatsata kumtundu: bambo amene lero akuseka mwana wake akafunse agogo kuti iye ankaoneka bwanji ali mu Fomu 2. Ifenso tili ku seminale yaing'ono tidakhala zaka ziwiri tikuzemba kalilole, ndipo palibe amene angatinamizire kuti tidaayamba zibwenzi, popeza mpanda udali wautali ndipo belu linkalira nthawi yake.

Tsono tinene mosabisa mau, chifukwa apa m'pamene pali ngozi ya moyo ndi ya mzimu. Ziphuphu si chizindikiro chakuti mwana wayamba chiwerewere. Si chizindikironso chakuti thupi likufuna chiwerewere. Tamva kuti anyamata amauzana pa mabwalo a mpira kuti mankhwala a ziphuphu ndi kugona ndi mkazi, ndipo amuna ena achikulire opanda manyazi amanyengerera atsikana ndi bodza lomwelo. Limeneli ndi bodza la mdierekezi. Silidachotsepo chiphuphu n'chimodzi chomwe, koma lapereka mimba zosayembekezera ndi kachilombo ka HIV kwa ana amene ankangofuna nkhope yosalala. Akatekisiti, mukamaphunzitsa lamulo lachisanu ndi chimodzi, nenani ichi poyera, musachite nacho manyazi.

Ziphuphu si ufiti wa mnansi, ndipo si uve. Mwana wosamba kawiri pa tsiku akhoza kukhala nazo, pamene mnzake wothawa madzi alibe. Ndipo kukhula nkhope ndi chinkhupule, ndi mwala kapena ndi sopo wochapira zovala kumangoonjezera moto. Tamvanso za ena opaka mankhwala otsukira mano, madzi a ndimu, phulusa, ngakhale mankhwala oyeretsera zimbudzi. Zonsezi zimaotcha khungu ndi kusiya zipsera za moyo wonse. Nanga mtedza, umene amai ambiri amaletsa ana ao? Ofufuza sadaupeze ndi mlandu woonekeratu. Chimene aona n'chakuti kwa anthu ena zakudya ndi zakumwa za shuga wambiri, ndiponso mkaka, zimakulitsa vutoli. Choncho musamlande mwana nsinjiro m'ndiwo zake kwinaku mukumgulira zoziziritsa kukhosi tsiku ndi tsiku.

Chofunika kuchita n'chapafupi, ndipo sichilira ndalama zambiri. Kusamba kumaso kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi sopo wosalusa ndi manja okha. Tikudziwa kuti ku Mgona ndi ku Chinsapo madzi ngogula pa kiyosiki, koma kapu imodzi imakwanira nkhope. Kupewa kumata mafuta olemera pankhope, ndi kusamala kuti mafuta am'tsitsi asatsikire pamphumi, pakuti amatseka timabowo tija. Ndipo koposa zonse, kusafinya. Tikudziwa kuti chala chimayabwa, ndipo pali achemwali ena amene amaona ngati ntchito yachifundo kukhazika mng'ono wao pamwendo ndi kumufinya nkhope yonse. Koma khungu lathu lakuda lili ndi chikhalidwe chake: paliponse pamene lavulala limasiya dontho lakuda limene limatha miyezi yambiri lisanazimirire, ndipo kwa ena limatupa n'kukhala chipsera chokhakhala chimene sichichoka. Nthawi zambiri chimene chimaliza ana athu si chiphuphu chenichenicho, koma madontho amene zala zidasiya.

Zikachuluka, zikamapweteka, zikamasiya maenje, pitani naye mwanayo kuchipatala. Kuli chipatala cha Kawale, cha Area 25, cha Bwaila. A ku Chinsapo ali pafupi ndi chipatala cha mishoni cha Likuni. Ndipo zikavuta amakutumizani ku Kamuzu Central, kumene kuli odziwa za matenda a khungu. Mankhwala enieni alipo. Ena ngopaka, monga benzoyl peroxide, amene amapha tizilombo tija (chenjerani, amasintha mtundu wa nsalu, musapukutire chitenje cha chigwirizano), ndi adapalene, amene amatsegula timabowo. Ena ngakumwa, monga doxycycline, amene dokotala amapereka kwa miyezi yowerengeka. Koma pali ziwiri zoyenera kukumbukira. Choyamba, ena mwa mankhwalawa ngoopsa kwa mwana wosabadwa, choncho mai woyembekezera, kapena amene akuganiza kuti ali ndi pakati, anene kwa dokotala asanalandire kanthu, ndipo asabwereke mankhwala a mnzake. Chachiwiri, palibe mankhwala oona amene amachiritsa ziphuphu m'masiku asanu. Pamafunika masabata 6 kapena 8 kuti kusintha kuyambe kuoneka, nthawi zina mpaka 12. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amataya mankhwala abwino sabata yachiwiri, nathamangira kwa wa pabenchi amene amalonjeza zozizwitsa.

Tionjezepo mau amodzi kwa akuluakulu. Munthu wamkulu amene sadakhalepo ndi ziphuphu, ndiye mwadzidzidzi thupi latuluka zotupa zoyabwa, asadzipime yekha. Apite akamuone, ayezetsenso magazi. Ndipo abambo amene mumatuluka zotupa m'ndevu ndi pankhongo mukameta, chifukwa chake kawirikawiri ndi kumeta mopalira kwambiri, tsitsi n'kumakulira m'kati mwa khungu. Muuzeni wometa asiyeko pang'ono.

Tibwerere ku kachubu kaja, chifukwa ndiko kadagwetsa mtsikana wathu. Amene tidakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira dzina la Ambi, limene lidafala mpaka lidasanduka dzina la mafuta alionse oyeretsa khungu. Maina asintha, mabotolo akongola, koma malonda ngomwewo, ndipo lero afika pa msika uliwonse, m'masaluni ndi pa WhatsApp. M'mafuta otere kawirikawiri mumapezeka chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, amene adapangidwira matenda ena a khungu, kuti apakidwe kwa masiku ochepa molamulidwa ndi dokotala. Amaziziritsa kutupa msanga, n'chifukwa chake munthu amayamba wakondwa. Koma akapitiriza, khungu limapyapyala ngati pepala, mitsempha imaonekera, pamatuluka mizere yong'ambika, zipere zimafala, ndipo mankhwala omwewo amabala ziphuphu zatsopano. Ukaleka mwadzidzidzi nkhope imalusa, ndiye umagulanso, n'kukhala kapolo wa kachubu. Chachiwiri ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga mtundu wake. Madokotala a ku South Africa adalemba kale mu 1975 kuti akapakidwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda bii m'masaya, zimene sizichokanso. Wofuna kuyera amathera pa kuda koposa poyamba. Dziko limenelo lidaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, Côte d'Ivoire idaletsa mafuta otere mu 2015, ndipo Rwanda idayamba kuwalanda m'misika mu 2018. Chachitatu ndi mercury, chiphe chimene chimalowa m'magazi, kuononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo chimafika kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Kuopsa kwake kudadziwika bwino ku Minamata, m'dziko la Japan, kumene mu 1956 anthu adapezeka akupuwala atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Ndipo pangano la maiko lolimbana ndi chiphechi, la m'chaka cha 2013, lidatenga dzina la mzinda umenewo. Kuno kwathu kuli bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority loyang'anira mankhwala, ndi la Malawi Bureau of Standards loyang'anira katundu, koma mabungwe sangaime pa benchi iliyonse. Mlonda woyamba ndi kholo.

Amene mwayamba kale kudzola, sitikukuweruzani, ndipo musataye mtima. Tengani chubucho kapena botololo, mupite nalo kuchipatala, mukaonetse, kuti akuthandizeni kusiya mwa dongosolo. Ndipo ife ena tileke kuwaseka ndi mau aja akuti nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Tidziyang'ane tokha: ndani adawaphunzitsa kuti kuyera ndiko kukongola? Si ife amene timati mwana akabadwa woyererako timaimba nthungululu kuti wabadwa mzungu? Si ife amene pofunira mwana wathu mbeta timayamba tafunsa za khungu tisanafunse za khalidwe? Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mwambiwo timaunena pakamwa pokha. Ndipo m'dziko lomwe lino, m'mene ena akuononga impso pofuna kuyera, abale athu achialubino akhala akusakidwa ndi kuphedwa chifukwa cha khungu lao, makamaka kuyambira mu 2014. Misala iwiriyi ili ndi muzu umodzi: kuyesa munthu ndi chikopa chake ngati mbuzi ya pamsika.

Ana a lero ali ndi mtolo umene ife tidalibe. Ife tinkaona nkhope yathu pa kagalasi kosweka kamodzi m'mawa, basi. Iwo amaiona pa foni tsiku lonse, naifanizira ndi nkhope za pa Facebook ndi TikTok zimene makina adazisalaza, kuziwalitsa ndi kuzichepetsa mphuno. Akupikisana ndi nkhope zimene kulibe, zimene ngakhale eni ake sadzuka nazo m'mawa. Mwana akayamba kudzitsekera m'nyumba, kukana kujambulidwa, kujomba kusukulu, kapena kunena kuti kuli bwino kufa, musati ndi matama. Khalani naye pansi, mumvereni, ndipo mufune thandizo kuchipatala ndi kwa ansembe tsiku lomwelo.

Eklezia ali ndi mwana wake wa mu Africa muno amene angayankhule kwa ana athu kuposa ife. Josephine Bakhita Woyera adabadwira ku Darfur, m'dziko la Sudan, ndipo adagwidwa ukapolo ali kamtsikana. M'nyumba ina imene adagulitsidwako adamtema mphini 114 pachifuwa, pamimba ndi padzanja, namthira mchere m'mabalamo kuti zipsera zikhale zotukuka. Adayenda nazo zipserazo moyo wake wonse. Atafika ku Italy adapeza ufulu, adabatizidwa mu 1890, nalowa chipani cha asisitere a Canossa, ndipo adakhala zaka zambiri m'tauni ya Schio akuphika, kusamala za m'tchalitchi ndi kulandira alendo pakhomo, iye yekha wakuda pakati pa azungu amene ena ankachita kubwera kudzamuyang'ana. Adamwalira mu 1947, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamlengeza kuti ndi woyera m'chaka cha 2000. Timamkumbukira pa 8 February. Zipsera zake sizidachoke pa ubatizo. Chimene chidasintha n'chakuti adadziwa mwini wake weniweni, ndipo kuyambira pamenepo palibe diso la munthu limene likadamtsitsanso mtengo. Timapembedza Ambuye amene adauka kwa akufa ali ndi mabala ake, nawaonetsa kwa Tomasi osachita manyazi.

Kunena izi sikuti tikuletsa kudzisamala. Thupi ndi mphatso, ndipo amene adalemba nkhani ya Davide sadabise kuti mnyamatayo adali wokongola. Mtsikana kufuna kuoneka bwino si tchimo, ndipo kholo limene liyankha kuti Mulungu amaona mtima pofuna kuthawa ulendo wa kuchipatala likugwiritsa ntchito Malembo molakwa. Mgulireni mwanayo sopo wake, mperekezeni ku Bwaila, mukhale naye pamzere. Kudzidalira kwa mwana sikumera pa kalilole. Kumamera pa maso a anthu a m'nyumba mwake. Bambo amene amauza mwana wake wamkazi kuti ndiwe wokongola mwanawe, ziphuphu zili mbwee, wamtchinjiriza kwa mwamuna wa pamsewu amene akadamuuza mau omwewo ndi cholinga china. M'miphakati yathu, m'magulu a achinyamata a ku Utatu Woyera ku Kawale, ku Don Bosco ku Area 23, ku St Francis ku Area 25 ndi ku St Denis ku Chinsapo, muli anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala amene timakhala nao pa Misa sabata ndi sabata. Apempheni madzulo amodzi adzalankhule ndi ana za khungu lao. Ndipo aphunzitsi, dzina lachipongwe likamveka m'kalasi mwanu, lithetseni tsiku lomwelo, pakuti dzina lotere limakhalitsa kuposa chiphuphu.

Katekisiti uja sadalalike zambiri tsiku limenelo. Adapempha kachubuko, nakakulunga m'kansalu, ndipo m'mawa mwake adatenga mtsikanayo pamodzi ndi mai ake kupita kuchipatala. Kumeneko mai adamva ndi makutu ao kuchokera kwa dokotala kuti mwana wao sadachite choipa chilichonse, ndipo akuti pobwerera m'minibasi sadayankhule kanthu, adangomgwira dzanja. Azakhali aja adachita kuwayendera padera, ndipo kupepesa kwao kudatenga nthawi. Mwezi woyamba nkhope idalusa monga adaachenjezera, mwana nafuna kubwerera kumsika. Katekisiti ankadzera pakhomopo Lachitatu lililonse. Pofika mwezi wachinayi ziphuphu zidachepa, ngakhale madontho akuda m'masaya adakalipo mpaka lero. Pa tsiku la Ulimbitso adafika wopanda chitenje kumutu, ndipo bishopu adamdzoza Krisma pamphumi pomwe paja ankabisa. Salimo la tsikulo adaimba ndi iyeyo.